Mkono Wobwereka

Mkono umene ndinapita nawo ku Joni ulendo wanga womaliza sunali wanga. Unali wa Gelesomu, mwana wa mlongo wanga, koma ngakhale mwini wakeyo sakanaunena kuti ndi wake, poti anali mkamwini. Kwathu kuno, m'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi, mwamuna akakwatira amakakhala kwawo kwa mkazi, ndipo kumeneko samusungira nkhope ayi. Amamusungira mkono. Ukamalima ndiwe bambo wapakhomo, ukasiya kulima amakukumbutsa njira imene unadzera.

Zimenezi ine ndinkazidziwa bwino, chifukwa chikamwini changa chinatha momwemo. Ndinatchona, ndipo tsiku lobwera ndinapeza pamphasa panga pakugona wina. Sindinakangane naye. Mnzangayo ankalima, ine ndinkangotumiza mabulangete, ndiye mlandu ukanachokera pati? Ndinanyamula sutukesi yanga kubwerera kwa mlongo wanga, ndipo mvula itangokata ndinali panjira ya ku Joni kachiwiri.

Nthawi imeneyo migodi inali itatitaya kale. Maofesi olembera anthu atatsekedwa tinkapita tokha, titapanikizana pamwamba pa matumba m'malole odzera ku Tete, kenaka n'kukalowa m'dziko la eni ngati mbava. Ndinalimapo maluwa a mzungu, ndinatsukapo magalimoto, ndinagonapo m'paipi, mpaka ndinapezeka ndili wosamalira bwalo la masewera kunja kwa mzinda.

Masewerawo ankawatcha besibolo. Musandifunse nzeru yake, poti zaka zonse zija sindinaipeze. Mnyamata mmodzi amaima pakachulu kadothi pakati pa bwalo n'kuponya kampira kolimba ngati mwala. Wina amaima poteropo ndi chibonga kufuna kukamenya, ndipo kumbuyo kwake kumanyonyomala wowakha, atavala zitsulo kumaso. Wachibonga akaphonya katatu amachoka, kubwera mnzake. Basi. Akuluakulu ndi ndevu zawo ankalipira pageti kudzaonerera zimenezo. Ntchito yanga inali kutchetcha udzu, kujambula mizere ndi laimu, ndi kusamala kachulu kaja kuti kasakumbike.

Tinalipo awiri, ine ndi Zuze wa ku Angonia, ku Mozambique, wolankhula chinenero chathu chomwechi. Tinkagona m'chipinda chosungira makina otchetchera udzu, moti bulangete, malaya, ngakhale mchere, zonse zinkanunkha petulo. Zuze anali woseketsa. Ndiye anapatsa mphunzitsi wa timu dzina loti Ndevu, mzungu wofiira khosi amene sankadziwa kulankhula motsitsa mawu. Mmodzi akadwala, mnzake ankagwira ntchito ya awiri osauza munthu, chifukwa wodwala kumeneko amalowedwa m'malo tsiku lomwelo.

Kwathu kunali kutangobwera matipate, ku Joninso ulamuliro wa azungu unali utatha, ndipo matimu a azungu anayamba kusakasaka anyamata akuda. Kunamvekanso zoti makampani ena ayambitsa mpikisano woti osewera azilandira malipiro ngati anthu a pantchito. Tsiku lina ndikupalasa dothi ndinaona Ndevu akukalipira anyamata ake oponya, mipira ikungopita kumene yafuna. Pakamwa panandiyabwa. Ndinamuuza m'Chingerezi changa chothyokathyoka kuti kwathu kuli mnyamata amene angawaphunzitse onsewa. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti ndikam'tenge. Iye ankanena zoseka, ine ndinazitenga zenizeni.

Ndinafika kumudzi nthawi ya mondokwa. Munda wa apongozi ake a Gelesomu, mayi Nachisale, unali kumapeto kwenikweni, pamene mizere imathera m'miyala ya phiri, ndipo anyani ankatsikira pomwepo. Minda ya anzawo inkadyedwa chaka ndi chaka, koma chikwatirire Gelesomu pamudzipo, wa a Nachisale anyani ankaulambalala. Ndinam'peza pamsasa ataunjika miyala pambali pake. Tsidya la khwawa, pathanthwe, panakhala chinyani chachimuna chikutiyang'ana mwachipongwe, patali poti ine ndi maso angawa ndinkachiona ngati chitsa.

"Tachilonjere chija," ndinatero.

Anasankha mwala, kupinda mwendo, mkono n'kuzungulira kamodzi. Tinangomva kukuwa tsidya lija, gulu lonse likukwera phiri. Iye anatembenuka n'kuyamba kundifunsa za ulendo, ngati palibe chachitika.

Ine ndinali nkhoswe ya banjalo, choncho kukapempha kunali kwanga. Tinakhala pakhonde ndi a Nachisale, Gelesomu ali kuseri kwa nkhokwe, poti mkamwini sakhala maso ndi maso ndi apongozi ake. A Nachisale anali amasiye. Ana awo aakazi awiri anali atapita ndi matenda aja amene anatha anthu zaka zimenezo, n'kuwasiyira adzukulu odzaza khonde. Wotsala anali Esinati, mkazi wa Gelesomu, nayenso ali woyembekezera. Pakhomo ponsepo mwamuna anali mmodzi yekha.

"Asewele," anatero atandimvetsera mpaka kumapeto, "mukuti azungu amalipira munthu chifukwa chogenda?"

"Amalipira, asewele. Ndadzionera ndekha. Chaka chimodzi chokha mudzafolera malata, feteleza mudzachita kugawirako anzanu."

"Nanga anyani angawa adzawagenda ndani? Khasu lakelo adzaligwira ndani?"

"Mudzalemba aganyu."

Anayang'ana adzukulu aja, amene ankalimbirana chitsononkho. Feteleza anali atakwera mtengo poti munthu wamba n'kungomuonera m'sitolo, ndipo iwo ankadziwa kuti khasu lokha silikuwakwaniranso.

"Ndakubwerekani," anatero. "Koma mukumbuke kuti chobwereka amabweza mmene adachitengera."

Esinati anatiperekeza mpaka pamtsinje. Sanalire. Anagwada pang'ono n'kunena kuti, "Atsibweni, awa sadziwa kukana. Mukawakanire ndinu." Ndinamuyankha kuti asade nkhawa, ndipo mawu akewo ndinawasiya pamtsinje pomwepo.

Lole yathu inadutsa pafupi ndi Dzaleka, malo amene kale tinkaopa ngakhale kuwaloza chala. Tsopano akaidi anali atachokamo, mutadzaza anthu othawa nkhondo kwawo. Gelesomu anawayang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Ena akuthawira kuno, ife tikuthawa konkuno." Ndinamuuza kuti agwiritse chingwe, asiye nzeru.

Ndevu atamuona anayamba wapukusa mutu. Gelesomu anali woonda, wa mapazi ong'aluka, atavala jekete yanga yomufika m'mawondo. Anam'patsa mpira mongofuna kuti nkhani ithe. Gelesomu anauyeza m'manja, anayang'ana wowakha uja, n'kuponya. Phokoso lake m'golovesi linamveka mpaka kugeti. Anaponyanso, pomwepomwepo. Wowakha anavula golovesi n'kuyamba kupepeza dzanja. Ndevu anasiya kupukusa mutu, ndipo tsiku limenelo ine ndinayenda ngati bwalo lonse ndi langa.

Miyezi yotsatira Ndevu anam'phunzitsa malamulo, kagwiridwe ka mpira kuti uzikhota m'malere, ndi kaimidwe pakachulu. Anam'konzera mapepala okhalira m'dzikomo, chinthu chimene ine ndi Zuze tinkangochilota. Tinayamba kutumiza kumudzi. Dalaivala wina wa ku Mponela anatibweretsera uthenga woti Esinati wachira, mwana wamkazi, ndi kuti a Nachisale aumba njerwa ndipo atsegula munda wa fodya wa bale. Gelesomu anagula kadiresi kakang'ono koyera n'kumakasunga pansi pa pilo, mpaka nako kanayamba kununkha petulo.

Panali lamulo limodzi limene Ndevu ankalibwereza ngati nyimbo. Woponya akamaliza kuponya aziviika chigongono m'ndowa ya ayisi, kenaka apume masiku angapo osanyamula kanthu. Anandiitana ine pandekha n'kundigwira paphewa.

"Mkono uwu si wa wilibala, wamva? Si wa fosholo. Ngakhale ndowa ya madzi asanyamule."

Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima ndinaseka. Mkono umene unagwira khasu chiyambire uli mwana, umene unagwetsa mitengo ndi kukumba zitsa, lero uziopa ndowa? Ndinaona kuti ndi ulesi wa anthu okhuta. Zuze ankati akamuona Gelesomu atakhala ndi ndowa yake ya ayisi ankamugwadira n'kumati, "Wawa bwana, nyama yanu yazizira?"

Gelesomu zinkamupweteka zimenezi, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa, poti ndinam'lera ndine. Bambo ake anachoka iye akukwawa. Ndinam'phunzitsa kuti mwana sakhala manja lende wamkulu akugwira ntchito, amanyamuka n'kulandira. Ukakumana ndi wamkulu atasenza, umamutula. Ukamupeza akulima, umam'landa khasu. Ndinam'phunzitsanso kuti mwamuna sadandaula pagulu, ndi kuti wamkulu akakufunsa mmene ulili sumusenzetsa mavuto ako. Kumudzi anthu ankachita kum'lozera ana awo, ndipo ine ndinkanyadira.

Mpikisano wolipidwa uja utayandikira, analengeza kuti tsiku lotsegulira adzayamba anyamata awiri atsopano, Gelesomu ndi Thabo wa kulokeshoni, kumene anthu akuda a m'tauni ankakhala. Amene adzaonetse mphamvu adzam'lemba chaka chonse, ndipo kunkamveka zoti kudzabwera anthu a kutsidya la nyanja odzasankha oponya. Eni bwalo anati kachulu kakale kaphwasulidwe, kamangidwe katsopano. Lole inabwera ndi dongo, koma sinaloledwe kuponda udzu, choncho inakhuthula mulu wonse kugeti.

Sabata yomweyo Zuze anapita kukagula buledi ndipo sanabwerenso. Apolisi anam'peza alibe mapepala. Tinamva kwa mayi wogulitsa pakona kuti anam'kweza m'galimoto ya mawaya buledi ali m'manja. Sindinamuonenso mpaka lero. Bulangete lake tinalipinda n'kuliika pamwamba pa makina, ndipo tinaopa kukanena kwa eni bwalo kuti ndatsala ndekha, poti akanabweretsa anyamata awiri n'kundichotsa ine wachikulire.

Ndiye ndinayamba ndekha. Kudzaza wilibala, kukankha kudutsa bwalo lonse, kukhuthula, kuwaza madzi, kenaka kutsindira ndi chitsulo cholemera chokhala ndi mpini, kuchikweza ndi kuchigwetsa mpaka dongo ligwirane. Ndinali nditadutsa msinkhu wa ntchito yotere, ndipo msana unandiuza zimenezo dzuwa lisanafike pamutu. Gelesomu anali ataponya komaliza dzulo lake, ndipo Ndevu anali atam'lamula kupuma mpaka tsiku lalikulu. Anakhala pakhomo la chipinda chathu, chigongono m'ndowa, akundiyang'ana. Ulendo wina wilibala inandigonjetsa pakati pa bwalo, ndinagwada nayo pansi. Podzuka ndinapeza waima pambali panga, mkono ukudontha madzi.

"Bweretsani, atsibweni."

"Kapume iwe. Wamva zimene ananena mzungu."

"Mzungu kulibe. Bweretsani."

Ndinanena kamodzi kokha, monga mmene mlendo amakanira chakudya. Kenaka ndinam'siyira. Wina anene zimene akufuna, koma ndiuzeni, ndi mwana wa ndani wolangidwa bwino amene akanakhalabe pansi atsibweni ake atagwada ndi wilibala? Ndipo ndi mkulu uti kwathu kuno amene akanalimbirana mpini ndi mwana? Ndinakhala pamthunzi ndikupuma, ndipo sindibisa, mtima wanga unakoma pomuona.

Anagwira tsiku limenelo, mawa lake, ndi mkuja wake, nthawi zimene pabwalo panalibe anthu. Chitsulo chija ankachikweza ndi mkono wamanja womwewo, chifukwa ndi umene unali ndi mphamvu. Kachulu kanatuluka kosalala, kolimba ngati pansi pa nyumba yozira. Ndevu atabwera anakapondaponda n'kundiyamikira kuti ndine katswiri. Madzulo a tsiku lomaliza ndinaona Gelesomu akulephera kumanga batani la malaya. Ndinam'funsa, anati palibe kanthu.

Tsiku lotsegulira kunadzaza anthu. Kunali mbendera, ng'oma za mkuwa, ogulitsa soseji, ndi munthu wolengeza pachimkuzamawu. Ine ndinaima kumbali ndi leki yanga, poti masewera akaima pang'ono ndimayenera kuthamanga kukasalaza dothi. Gelesomu anatuluka atavala zoyera, chipewa pamutu, nsapato za misomali kumapazi. Ndinalakalaka mlongo wanga akanamuona.

Anayamba ndi Thabo. Anaponya bwino ndithu, koma patapita nthawi anayamba kugwedeza mkono, n'kukweza dzanja kuitana Ndevu. Analankhulana pang'ono, Thabo akuloza phewa lake, ndipo anatuluka kukakhala pansi ndi ayisi wake. Anthu ena anam'kuwiza. Ine ndinalavula malovu pansi n'kunena ndekha kuti ana a m'tauni alibe mwambo, kamwana kotere kuuza mkulu kuti katopa, pamaso pa khamu lonseli.

Kenaka anaitana Gelesomu. Anakwera pakachulu kake kaja, anayang'ana wachibonga mmene ankayang'anira anyani, n'kuponya. Woyamba anaphonya katatu osaona n'komwe chimene chamudutsa. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu anakhudza mpira, koma unangogudubuzika pafupi. Bwalo lonse linaimirira. Azungu amene sankandipatsa moni anayamba kundimenya pamsana, wina mpaka kundipatsa chakumwa chake. Ndinkangoona malata akung'anima pa nyumba ya a Nachisale.

Masewera ataima ndinathamanga ndi leki. Pobwerera ndinadutsa pamene anakhala, ndipo ndinaona kuti kapu ya madzi waigwira ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali pantchafu, zala zikunjenjemera zokha. Maso athu anakumana. Ndikanatha kunena mawu amodzi, koma anthu anali akuimba dzina lake, ndipo ndinaganiza kuti atsala pang'ono kumaliza.

Atabwereranso, mipira inayamba kukwera m'mwamba. Wowakha anadumphira umodzi, wina unam'pitirira. Ndevu anaimitsa masewera n'kuyenda kupita pakachulu. Ndinali pafupi, ndinamva zonse.

"Ukumva kupweteka?"

Gelesomu anavula chipewa n'kuzyolika, monga mwana amachitira pamaso pa mkulu.

"Ndiyang'ane. Mkono uli bwanji? Ukanena, ndikutulutsa, udzaponyanso sabata yamawa. Palibe mlandu."

Gelesomu anacheukira kumene ndinaima ine, kenaka anayang'ananso pansi.

"Ndili bwino, bwana."

Ndevu anam'yang'anitsitsa, anam'patsa mpira, n'kubwerera. Gelesomu anapinda mwendo, mkono unazungulira, ndipo panamveka kuti thyo, ngati phesi louma. Mpira unagwa patsogolo pake pomwepo n'kugudubuzika pang'onopang'ono kutsika kachulu. Bwalo lonse linati zii. Gelesomu sanakuwe. Anaima mkono uli lende, nkhope itatuwa, ndipo Ndevu atafika akuthamanga, mawu oyamba amene Gelesomu ananena anali akuti, "Pepani, bwana."

Kuchipatala anati mtsempha wa pachigongono waduka ndipo wabenthula fupa. Anati opaleshoni yobwezeretsa mkono wotere iliko, koma kutali, kwa anthu a ndalama zawo. Anamuika chikhakha. Nesi akumusambitsa dzanja, Ndevu anaona chikhatho chake, matuza okhaokha, ena ophulika. Anachigwira n'kuchitembenuza.

"Izi si za mpira," anatero. Kenaka anayang'ana ine.

Tinakalipirana pakhonde la chipatala mpaka alonda anabwera. Ndinam'funsa ngati kwawo mwana amakhala pansi bambo ake akukankha wilibala. Anandiyankha kuti kwawo bambo akanam'thamangitsa mwanayo ndi ndodo kuti akakhale pansi. Anati mkono wotere anauona kamodzi kokha moyo wake wonse, ndipo ponena zimenezo misozi inali m'ndevu. Ntchito yanga inathera pakhonde pomwepo. Chikhakha chitachoka Ndevu anatigulira matikiti a basi, n'kum'patsa Gelesomu golovesi ndi malaya oyera aja. Thabo, ndinamva pambuyo pake, anam'lemba chaka chonse.

Mkono unapola chopindika. Sunkatambasuka, ndipo zala ziwiri zakumapeto zinafa, moti ukazitsina sankamva. Ulendo wonse wobwerera anakhala kuwindo atauphimba ndi jekete.

Kumudzi tinapeza zinthu zitasuntha. Mlongo wanga anali atakalamba ngati papita zaka khumi, ndipo ataona mkono uja anakhala pansi pabwalo n'kuyamba kulira maliro. Kwa a Nachisale tinapeza nyumba ya njerwa itafika pamtanda, yopanda denga, udzu utamera m'kati. Fodya anali atawagwetsa, poti aganyu anathawa titasiya kutumiza, ndipo mdzukulu mmodzi anali atamwalira m'miyezi ya njala. Kamwana ka Gelesomu kanali katayamba kuyenda. Kadiresi koyera kaja sikanakwane.

A Nachisale sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. Anayala mphasa, anaitana ankhoswe a mbali yawo, n'kuika khasu pakati pathu.

"Asewele, mudabwereka munthu wa mikono iwiri."

"Ngozi, asewele. Tsoka silinunkha."

"Sindikukana. Koma ana awa sadya ngozi."

Esinati analankhula osafunsidwa, zimene zinadabwitsa onse. "Amayi, ine sindidakwatiwe ndi khasu. Ndilima ndine, awa azindithandiza ndi kumanzereko."

"Udzalima uli ndi mwana kumsana, mawa wina m'mimba, ndi amasiye onsewa?" anatero mayi ake, mosakweza mawu. "Ine ndilibe naye chifukwa mwana wa eniyu. Ulemu wake sindidauonepo pa mkamwini wina aliyense. Koma ndaika kale mdzukulu mmodzi, sindifuna kuikanso wina."

Anagwirizana zom'patsa dzinja limodzi kuti aone. Gelesomu, ali kuseri kwa nkhokwe, anangowomba m'manja mmene akanathera, dzanja lamanzere likumenya pa lopindikalo.

Analimbana nalo dzinja limenelo. Ankalawirira kumunda anthu asanadzuke kuti asamuone mmene akugwirira khasu, mpini ataupanira m'khwapa. Mizere yake inkatuluka yokhotakhota, ndipo pamene mwamuna amamaliza ndime, iye anali asanafike pakati. Esinati ankabwereza m'mbuyo mwake mwakachetechete. Ndi khama la awiriwo chimanga chinamera, chinakula, mpaka chinabereka ndithu, moti ndinayamba kuganiza kuti mwina tapulumuka.

Itafika nthawi ya mondokwa, Esinati anali atatopa ndi pakati pena, ndipo a Nachisale anali kuchipatala ku boma la Ntchisi ndi mdzukulu wodwala. Kulondera kunatsalira Gelesomu, ntchito imene kale ankaichita akuseka. Anaunjika miyala pamsasa monga kale. Masiku oyamba anyani ankangomuona n'kubwerera, poti ankamukumbukira. Koma nyani ndi munthu, amayesa. Tsiku lina chachimuna chija chinatsika mpaka m'khwawa. Gelesomu anagenda ndi kumanzere, mwala unagwa pakati panjira. Chinayang'ana mwalawo, chinayang'ana iye, n'kuitana anzake.

Anandiuza yekha pambuyo pake kuti anakuwa mpaka mawu anatha. Akathamangira kumtunda, iwo ankalowa kumunsi. Anayesa ndi mkono wamanja womwewo, ndipo ululu unam'gwetsa pansi. Kuyambira tsiku limenelo ankabwera m'mawa ndi madzulo, osathawanso, ena akudyera chimanga pathanthwe iye akuona. Pamene a Nachisale ankabwera kuchipatala, mbali yonse ya kuphiri inali mapesi okhaokha.

Sipanakhalenso bwalo lalitali. Ankhoswe a kwawo anabwera kudzandiuza mwaulemu kuti ndikatenge mwana wanga. Ndinawayankha kuti ndamva, koma sindinapite. Anthu ena amati a Nachisale anali ouma mtima. Amenewo sanaonepo nkhokwe yopanda kanthu ndi khonde lodzaza ana. Patapita chaka Esinati analowedwa ndi mwamuna wina, wa mikono iwiri, ndipo ana a Gelesomu anakulira pakhomo la ameneyo.

Tsiku limene Gelesomu anabwera ndinali kudimba la mlongo wanga, ndikugalauza poti tibzale mpiru. Dzuwa linali litapendeka. Ndinamuona akutsika kanjira ka kumtsinje, mphasa paphewa, kathumba m'manja, golovesi ija ikusuzumira pamwamba. Esinati anali atam'perekeza mpaka tsidya, ndipo anaima pomwepo atagwira mwana padzanja, osawoloka. Gelesomu sanacheuke. Anafika, anatula katundu pamzere, ananyonyomala n'kundipatsa moni, kundifunsa mmene ndadzukira ndi mmene msana ukuchitira. Ndinayankha osamuyang'ana. Kenaka anaimirira n'kutambasula dzanja lamanzere.

"Bweretsani, atsibweni."

Ndinagwiritsa mpini. Ndinamuuza kuti wayenda ulendo wautali, akapume. Ndinanenanso kachiwiri, kachitatu. Iye anagwira mpini womwewo, ndipo tinakokana pang'ono, nkhalamba ndi wopunduka, Esinati akutiona tsidya lija.

"Atsibweni," anatero motsitsa, "mkono udapita, banja lapita. Mukufuna anthu anene kuti ndi mwambo womwe ndidausiya ku Joni?"

Ndinataya mpini. Anaupanira m'khwapa n'kuyamba kugalauza pamene ndinalekezera, ine nditaima pambali manja lende.